Michiru, Ndirande, Soche kapena Chiradzulu: mukwere liti, podzera kuti, mwezi uti?

Kulikonse kumene mungaime mu Blantyre, pali phiri limene likukuyang'anani. La Ndirande lili kumpoto chakum'mawa kwa tawuni, la Soche kummwera, la Michiru kumpoto chakumadzulo, ndipo kuseri kwa Limbe kuli Mpingwe ndi Bangwe. Chapatali, mukamalowera ku Zomba, kuli la Chiradzulu. Amene akufuna kuyamba kukwera amakonda kufunsa kuti lalitali ndi liti, poganiza kuti lalifupi ndiye losavuta. Michiru ndi lotalika pafupifupi mamita 1,470, Soche 1,530, Ndirande 1,600, Chiradzulu 1,770. Koma manambalawa amawerengedwa kuchokera kunyanja yamchere, pamene tawuniyi yakhala kale pamtunda wa mamita oposa 1,000. Zimene miyendo yanu idzakwere ndi mamita apakati pa 400 ndi 700 basi. Chimene chimasiyanitsa mapiriwa ndi mthunzi, kutsetsereka kwa njira, chitetezo, komanso mmene nthaka yake imachitira mvula ikagwa. Mwa atatu a m'tawuni, Michiru ndi lalifupi, koma ndi lomwe limadya nthawi yambiri.

Mmene dzikoli linakhalira

Mapiri onsewa ndi mbali ya mtunda umodzi waukulu, umene pamapu umalembedwa kuti Shire Highlands. Mtundawu unayambira ku Thyolo n'kukafika ku Zomba. Kumadzulo kwake dziko limatsika mwadzidzidzi kulowa m'chigwa cha Shire, ndipo amene anatsikapo zikweza za msewu wa ku Chikwawa akudziwa kutsika kwake. Kum'mawa limatsika pang'onopang'ono kulowa m'chidikha cha Phalombe ndi nyanja ya Chilwa. Mapiri a m'tawuniwa ndi miyala yolimba imene inatsala chiimire pamene madzi ndi mphepo zinkaperesa miyala yofewa yowazungulira. N'chifukwa chake aliyense anaima payekha, ndipo pansonga pake mumapeza matanthwe ndi miyala ikuluikulu yokhala ndi dothi lochepa pamwamba.

Zinthu ziwiri pamenepa zimakhudza wokwera. Choyamba ndi mphepo. Mphepo yachinyezi imachokera kummwera chakum'mawa, n'kuyamba kugunda Thyolo, Bangwe, Mpingwe ndi Soche. Limbe ndi yokwera kuposa Blantyre, ndiye imazizira msanga. Mukamatsikira ku Chileka, kumene ndi kotsika ndi mamita 200 kapena kuposa, kutentha kumakula. Michiru lili m'mphepete mwa mbali yotenthayi, ndipo kunsi kwake mu Okutobala kumawotcha kwenikweni. Chachiwiri ndi dothi lochepa lija. Likakhuta madzi pamalo otsetsereka, mitengo yoligwira kulibe, limasiyana ndi thanthwe la pansi pake n'kuyamba kuyenda.

Mitsinje ya m'tawuni imachokera m'mapiri omwewa. Mudi ndi Nasolo amachokera ku Ndirande, Naperi ku Soche. Musadalire madzi ake paulendo. M'chilimwe timitsinje takumtunda timauma, ndipo kunsi tadutsa kale m'minda ndi m'nyumba za anthu.

Michiru: njira ziwiri zosiyana kotheratu

Anthu akati tikupita ku Michiru, afunseni kuti ku Michiru kwake kuti, chifukwa pali maulendo awiri.

Woyamba ndi wa Njira ya Mtanda, yoyambira ku Chilomoni. Njirayi ndi yodziwika, ili ndi malo oimapo okumbukira masautso a Yesu, ndipo imathera pa mtanda waukulu umene umaoneka kuchokera m'madera ambiri a tawuni. Akatolika amadzaza kumeneko nthawi ya Lenti, makamaka Lachisanu Loyera, koma masiku ena onse anthu a mipingo yosiyanasiyana ndi ongolimbitsa thupi amakwera. Kusochera n'kovuta. Minibasi ya ku Chilomoni imakusiyani pafupi, ndipo aliyense wa m'deralo akulozerani poyambira. Munthu wamphamvu zake amafika pa mtanda mu ola limodzi kapena ola ndi theka. Gulu loima ndi kupemphera pamalo aliwonse liwerengere maola awiri kapena atatu. Vuto lake ndi miyala yoyendayenda ndi fumbi potsika, komanso kuchepa kwa mthunzi. Mtandawo suli pansonga yeniyeni ya Michiru. Uli pa nsonga ina yoyang'anana ndi Chilomoni, ndiye amene wafika pamtanda asaganize kuti waponda mamita 1,470 aja.

Wachiwiri ndi wolowera kumalo otetezedwa a Michiru, amene anakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1970, komwe kuli ofesi ndi alonda a boma oyang'anira zachilengedwe. Kumeneko mumalipira polowa, mumalembetsa dzina, ndipo mutha kutenga mlonda kuti akutsogolereni. Makilomita omalizira kukafika ku ofesiyo ndi msewu wafumbi. M'chilimwe galimoto yaing'ono imadutsa mwapang'onopang'ono, koma m'dzinja pamafunika yokwera kapena kabaza wanjinga yamoto. Ngati mwapita pa kabaza, pangananani nthawi yodzakutengani ndipo mutenge nambala yake, chifukwa kumeneko simungaime pamsewu n'kumadikira kuti wina adutsa.

Kuchokera ku ofesi kuli tinjira tatifupi toyenda ola limodzi m'munsi mwa phiri, toyenera ana ndi achikulire, ndi njira yaitali yokafika pansonga. Yaitaliyi ipatseni maola awiri kapena awiri ndi theka pokwera, ola ndi theka potsika, kuphatikizapo nthawi yopuma: maola asanu onse pamodzi si ochuluka. Pamwamba mumaona bwalo la ndege la Chileka pansi panu, chigwa cha Shire kumadzulo, Zomba kumpoto chakum'mawa, ndi tawuni yonse mpaka ku Soche.

Michiru ndi lokhalo mwa mapiri a m'tawuni kumene mungayende m'nkhalango yachilengedwe ya mombo, tsamba ndi masuku, n'kukumana ndi anyani, apusi, kapena gwape ngati mwalawira ndipo simukusokosera. Afisi aliko, koma amabisala m'mapanga masana. Tisabise: zaka zaposachedwapa odula mitengo ndi owotcha makala awononga kwambiri phirili, ndipo mbali zina zimene zinali nkhalango tsopano ndi zitsa. Ichi ndi chifukwa china chotengera mlonda. Iye amadziwa mbali imene kuli anthu odula mitengo tsiku limenelo, ndipo si nzeru kuti mlendo akatulukire pakati pawo ali ndi foni m'manja akujambula. Tinjira ta odula mitengo tachulukanso moti njira yeniyeni imasokonekera, makamaka potsika.

Kwa munthu amene sanakwerepo phiri, kwa banja, kapena kwa gulu la ana asukulu, Michiru podzera ku ofesi ndiye poyambira pabwino.

Ndirande: maso amakhuta, khungu limapsa

Pa mapiri a mkati mwa mzinda, Ndirande ndiye lalitali, ndipo palibe lina limene limaonetsa Blantyre ndi Limbe bwino ngati ili. Tsiku lopanda utsi mumaona damu la Mudi kunsi, Machinjiri kuseri, Chiradzulu chapafupi, ndi Mulanje kutali, kumene Sapitwa amafika mamita 3,002. Phirili linali ndi nkhalango ya paini ndi mitengo yachilengedwe, koma inathera m'zaka za m'ma 1990. Lero ndi udzu, minda, miyala, ndi timitengo tobzalidwa apo ndi apo. Mthunzi ndi wosowa kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Njira zake zilipo zamitundu iwiri. Pali msewu wafumbi wokwera mokhotakhota kulowera kumene kuli nsanja za mafoni ndi wailesi. Ndi wautali koma sutopetsa mawondo, ndipo ndi umene othamanga amakonda. Ndiye pali tinjira tachidule tochokera m'makomo a anthu, mbali ya Ndirande yeniyeni ngakhalenso mbali ya Nkolokoti ndi Makhetha, todutsa m'minda molunjika kumtunda. Tachiduleti timafupikitsa mtunda koma timadula mpweya, ndipo m'dzinja mumakhala mukuponda m'mizere ya chimanga cha eni ake. Perekani moni, pemphani njira, yendani m'malire a munda.

Amene amavutika ndi chizungulire adziwe kuti chigawo chomaliza chokafika pansonga yeniyeni ndi cha matanthwe, pena pofunika kugwira ndi manja. Kukwera pamenepo n'kosavuta kusiyana ndi kutsika, chifukwa potsika simuona poponda. Lamulo lake ndi lakuti musakwere pamalo pamene simukuona mmene mudzatsikire. Thanthwe likanyowa, ngakhale ndi mame okha, ndere zake zimaterera ngati therere, ndipo nsapato yabwino siithandiza. Zikatero thereni panjira yapansi, maonekedwe a tawuni ndi omwewo.

Ulendo wonse kuchokera kumene minibasi yakusiyani ndi maola atatu kapena anayi. Za chitetezo, Ndirande si phiri lokwera munthu mmodzi kapena awiri. Kulibe chipata, kulibe wolemba mayina, ndipo anthu akhala akulandidwa mafoni m'malo obisika. Pitani anthu asanu kapena kuposa, pakhale wina wodziwika m'deralo, ndipo Loweruka m'mawa ndi bwino chifukwa m'njira mumakhala anthu ambiri, ena opita kukapemphera.

Soche: lalifupi ulendo, koma mvula ikagwa lisiyeni

Soche ndi phiri la munthu amene ali ndi theka la tsiku. Kuchokera mbali ya sukulu ya sekondale ya Soche Hill, kapena kuchokera ku Chilobwe, ola limodzi ndi theka limakufikitsani pamwamba, ndipo maola atatu amakwana ulendo wonse. Koma mamita amene Michiru amakupatsani pang'onopang'ono, Soche amakupatsani nthawi imodzi. Nyumba zakwera mpaka m'chiuno mwa phiri, ndiye theka loyamba mumayenda m'tinjira ta pakati pa nyumba, kenako minda, kenako miyala ikuluikulu. Chakumwamba kwatsala timitengo tachilengedwe tobiriwira chaka chonse, chifukwa nsongayi imakola nkhungu yochokera kummwera chakum'mawa. Mbali imeneyi mumaona Chigumula, minda ya tiyi ya ku Thyolo chapatali, ndi Mulanje. Phirili lili m'dera la mfumu Kapeni, ndipo ndi malo amene anthu akhala akuwalemekeza kuyambira kale. Lero mumapeza magulu a mapemphero m'mapanga ndi pansi pa miyala, ena atagona komweko. Adutseni mwaulemu, osawajambula.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, mbali za phirili zinagumuka. Matope, miyala ndi mitengo zinatsika n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manje, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo. Zipsera zake zikuonekabe: mikwasa yofiira yotsika kuchokera kumtunda, yodzaza ndi miyala. Akuluakulu amati napolo, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Chimachitika n'chakuti madzi amalowa m'dothi mpaka kukafika pathanthwe, n'kusowa kolowera. Dothi limalemera, pansi pake pamaterera, ndipo likangoyamba kuyenda limatsata khwawa, likukokolola chilichonse.

Kwa wokwera, izi zikutanthauza zinthu zenizeni. Mikwasa imeneyi imaoneka ngati njira yachidule chifukwa mulibe udzu, koma miyala yake sinakhazikike, ndipo wokwera patsogolo amagubuduzira mwala amene ali pambuyo. Musayendemo. Ngati mvula yagwa masiku awiri kapena atatu motsatizana, dikirani masiku angapo kuti nthaka iume, ngakhale kumwamba kutayera. Mukaona ming'alu yatsopano m'nthaka, mitengo itapendekeka kumene, kamtsinje kakuda mwadzidzidzi kapena kakuphwa mvula ikugwa, chokani m'khwawa msanga polowera cham'mbali, kukwera pamsana pa phiri. Kuthawira kunsi motsata khwawa ndi kuthamanga m'njira ya matopewo. Malangizo omwewa ndi a Ndirande ndi Chiradzulu, koma pa Soche ndi pamene tiyenera kunenetsa.

Za chitetezo, zimene tanena za Ndirande zikhudzanso kuno.

Chiradzulu ndi ena otsala

Chiradzulu ndi ulendo wa tsiku lonse, ndipo ndi wa anthu amene ayesapo kale awiri mwa atatu aja. Mumakwera minibasi ku Limbe yodzera msewu wa Zomba, n'kukhotera ku boma la Chiradzulu cha ku Njuli. Boma lili m'tsinde mwenimweni mwa phiri. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa, choncho yambani mwaonekera ku ofesi ya zankhalango pabomapo kuti akupatseni chilolezo ndi munthu wokutsogolerani. Konzani zimenezi tsiku lapakati pa sabata, musanapite, chifukwa Loweruka mutha kupeza potseka. Kukwera ndi kutsika kumatenga maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo mukaonjeza ulendo wa pamsewu muona kuti kunyamuka ku Limbe 6 koloko m'mawa si kulawira kopitirira. Njira zake sizipondedwa kawirikawiri, ndiye udzu umazitseka kuyambira Febuluwale mpaka moto utadutsa. Chimene mumapindula ndi kuona mbali imene mapiri a m'tawuni saonetsa bwino: chidikha chonse cha Phalombe, Mulanje atadzaza kum'mawa chakummwera, ndi nyanja ya Chilwa kukayera. Okonda mbiri atha kuphatikiza ulendowu ndi wa ku PIM ku Mbombwe, kumene John Chilembwe anayambitsira kuukira kwa 1915, koma zimenezo zimafuna galimoto yanuyanu kapena tsiku lachiwiri.

Mpingwe ndi Bangwe ndi abwino kwa okhala ku Limbe amene akufuna kutuluka thukuta maola awiri asanapite kuntchito zina. Sanjika musaliwerengere, kuli nyumba ya boma.

Mwezi umasintha yankho

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndiyo nyengo yabwino pa mapiri onse. Kumazizira, nthaka yauma, ndipo mu Meyi ndi Juni mpweya umakhala woyera moti Mulanje amaoneka ngati ali pafupi. Msampha wa nyengoyi ndi chiperoni. Nkhungu ndi mvula yowaza zimatha kukuta Soche, Ndirande ndi Chiradzulu kwa masiku awiri kapena atatu, osaona ngakhale mamita 20 patsogolo. Mukadzuka n'kuona nsonga yabisika, pitani ku Njira ya Mtanda kapena tinjira ta m'munsi mwa Michiru, kapena khalani kunyumba. Nkhungu ikakupezani muli pamwamba, khalani pamodzi ndipo mubwerere njira imene munadzera, osayesa yatsopano. Dzuwa mu Juni limalowa isanakwane hafu pasiti 5, ndipo mdima umagwa msanga.

Miyezi yomweyi ndi ya chitedze. Nyemba zake zaubweya zimalendewera m'tchire la m'makwawa, makamaka kumunsi kotentha kwa Michiru. Chikakugwerani musakande ndipo musathire madzi msanga, chifukwa ubweyawo umangofalikira. Matani seloteyipi pamalopo n'kumatula kangapo, vulani chovala chimene chagwidwacho, kenako sambani. Buluku lalitali ndi malaya a manja aatali zimateteza, komanso zimathandiza ku nkhupakupa.

Seputembala mpaka Novembala ndi nyengo ya dzuwa, utsi ndi moto wa osaka mbewa. Kuona patali kumachepa, ndiye Ndirande amataya chimene mumamukwerera, n'kutsala ndi kutentha kokha. Ngati mukwere, yambani 5 koloko kukungocha ndipo 10 koloko ikupezeni mukutsika. Moto umathamanga kwambiri pokwera phiri kuposa potsika, choncho ukakhala kunsi kwanu musathawire kumtunda. Pitani cham'mbali, pathanthwe lopanda udzu, kapena palupsa pamene wadutsa kale.

M'dzinja, kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka Epulo, mapiri amakongola, masuku ndi bowa zimapezeka ku Michiru, ndipo mvula ikangokata mpweya umayera. Koma mabingu amakonda kuyamba masana. Pansonga, pafupi ndi nsanja za pa Ndirande, kapena pamtanda wa ku Michiru ndi malo oipa kwambiri kukhalapo mphenzi zikamang'anima. Khalani mutatsika 12 koloko isanakwane. Januwale mpaka Malichi, Soche ndi nsonga ya Ndirande zidikire.

Zonyamula, ndi zimene zimalakwika kawirikawiri

Madzi ndiwo amabweza anthu ambiri panjira. Werengerani theka la lita pa ola lililonse nyengo yozizira, ndi kufupi lita imodzi pa ola mu Okutobala. Ndiye kuti nyengo yozizira, Soche kapena Njira ya Mtanda ndi lita imodzi ndi theka, Ndirande malita 2, nsonga ya Michiru ndi Chiradzulu malita 3. Botolo limodzi la theka la lita limene ambiri amanyamula limatha musanafike pakati. Kukatentha, sungunulani paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi, kapena masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Zimenezi zimachepetsa kukokana kwa minofu. Wina akayamba mutu, chizungulire ndi nseru, mukhazikeni pamthunzi, mumwetseni pang'onopang'ono, mumunyowetse, ndipo ulendo wake wathera pomwepo. Asatsike yekha.

Chakudya chikhale chopepuka: nthochi, mtedza, mbatata yophika, mandasi. Nsima yambiri musanakwere imalemeretsa. Juzi kapena jekete yopyapyala ilowe m'chikwama ngakhale kunsi kukutentha, chifukwa pamwamba pamazizirapo ndi madigiri atatu kapena anayi, ndipo mphepo ikaomba pamalaya onyowa ndi thukuta mumanjenjemera.

Anthu ambiri amavulala potsika. Miyendo yatopa, mtima uli kunyumba, ndipo timiyala ta pamwamba pa dothi louma timagubuduka pansi pa phazi. Nsapato ikhale yamphira wokhala ndi mano kunsi, osati yosalala, ndipo masilipasi ayi. Wengani zikhadabo za kumapazi dzulo lake ndipo mangani zingwe zolimba musanayambe kutsika, apo ayi zala zimagunda kutsogolo kwa nsapato mpaka chikhadabo kuda. Pondani mopingasa, mapazi afupiafupi, ndipo ndodo imodzi imapulumutsa mawondo.

Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi, kupatula mphiri, imene imangogona panjira. Yang'anani poponda, ndipo musalowetse dzanja m'mphako ya mwala musanaone. Wina akalumidwa, musatemere, musayamwe, musamange chingwe cholimba. Mvuleni mphete kapena chibangili, mangirirani mwendowo ku ndodo kuti usagwedezeke, munyamuleni, ndipo imbirani galimoto ikakudikireni kumunsi kuti mupite naye ku Queen Elizabeth kapena chipatala chimene chili pafupi. Njuchi zimamanga m'ming'alu ya matanthwe, ndiye mukamva kulira kwake patukani mwakachetechete.

Netiweki imagwira pansonga zonse chifukwa tawuni ili pafupi, koma imasowa m'makwawa, makamaka kuseri kwa Michiru. Uzani munthu wakunyumba phiri limene mwapita, mbali imene mwayambira, ndi ola limene ayambe kukufunani mukapanda kuimba. Mafoni awiri pagulu akhale odzaza moto, imodzi izimitsidwe kuti isungire potsika.